Bondo Likatupa, Walakwa Ndani?

Nyamakazi timaidziwa kuti ndi matenda a okalamba. Agogo akamadandaula bondo m'nyengo yozizira, palibe amene amafunsa kuti analakwa chiyani. Timangowasonkhezera moto n'kuwafunditsa bulangete. Koma bondo lomwelo likatupa mwa munthu wa zaka 25, amene dzana lomweli amapalasa njinga atamangirira matumba a makala, mudzi sukhala chete. Wina amati waponda mankhwala panjira. Wina amati ndi mdulo. Ndipo ikangomveka mphekesera yoti kuchipatala amupatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, mafunso onse amathera pomwepo, aliyense amagwedeza mutu kuti yankho lapezeka: Mulungu wamulanga.

Ine ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri m'zipatala za m'chigawo chapakati, ndiponso ndine mayi wa Chigwirizano. Mawu amenewa ndawamva ku wodi, ndawamvanso ku mlaga, ena akuwanena ndi nkhope yachisoni, Baibulo lili m'manja. Sindiwakhulupirira ngakhale pang'ono. Komanso sindigwirizana ndi anzanga ena a kuchipatala amene amati matenda ndi tizilombo basi, nkhani ya tchimo isalowepo. Tchimo lilipo ndithu pankhaniyi. Vuto ndi lakuti timalifunafuna pa bondo, pomwe ilo lili kwina.

Ambiri amene amagamula mlanduwu sadziwa chimene chimachitika m'thupi. Matenda a kumaliseche amafika m'mfundo za mafupa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya chinzonono. Kachilombo kake, kamene dokotala wa ku Germany Albert Neisser anakatulukira mu 1879, kawirikawiri kamakhala pomwe kanalowera. Koma mwa anthu ochepa kamalowa m'magazi n'kuyamba ulendo. Thupi limatentha, ululu umadumphadumpha, lero pamkono, mawa m'kakolo, timatuza tochepa timatuluka m'manja kapena m'mapazi, ndipo mwa ena bondo limodzi limadzaza mafinya. Apa kachilomboko kali m'kati mwenimweni mwa bondo, ndipo mukachedwa kamawononga mfundoyo. Mankhwala ake ndi jakisoni wa ceftriaxone masiku angapo, pamodzi ndi kukoka mafinyawo. Mtundu umenewu umapezeka kwambiri mwa akazi, makamaka akakhala kumwezi kapena ali oyembekezera, ndipo ambiri mwa iwo amakhala asanaonepo chizindikiro chilichonse kumaliseche.

Njira yachiwiri imayamba ndi kachilombo kotchedwa chlamydia, kamene anthu amangokaphatikiza ndi chinzonono. Munthu akakatenga, pamapita sabata imodzi mpaka zinayi, kenaka bondo kapena kakolo amatupa. Madzi a m'bondomo mukawapititsa ku labu, sipamera kachilombo. Chimene chikupweteka mfundoyo makamaka ndi chitetezo cha m'thupi mwa munthu yemweyo. Zili ngati agalu amene adzutsidwa ndi mbala usiku: mbala yadumpha kale mpanda, koma iwo ukali sunathe, ndiye akuluma mwini nyumba. Madokotala amati reactive arthritis. Wodwala amalephera kuponda ndi chidendene m'mawa, chala chimodzi cha kuphazi chimatupa chonse kuyambira m'tsinde mpaka kuchikhadabo, maso amafiira, pokodza pamawotcha, ena msana umauma cha m'chiuno. Doxycycline wa masiku 7 amapha kachilombo kumene kanabisala, koma bondo silitsatira masiku a mapiritsi. Timapereka bulufeni kapena indosidi, nthawi zina jakisoni wa m'bondo momwemo, ndipo ambiri amachira pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Ena zimawatengera chaka, ena zimapita n'kubweranso.

Tsono pali mfundo imodzi imene ndimafuna mkulu wa mpingo aliyense ataimva asanapite kukazonda wodwala. Kutupa komweku, ndi maso ofiira omwewa, ngakhale kuwotcha pokodza komwe, kumabweranso munthu akadwala m'mimba. Tizilombo ta Salmonella, Shigella ndi Campylobacter, tochokera ku nkhuku yosapsa, ku madzi akuda, ku kamwazi, timadzutsa chitetezo cha m'thupi chimodzimodzi. Anthu awiri angagone mabedi oyandikana, mabondo awo ofanana m'maonekedwe ndi m'kupweteka komwe, wina anachita chigololo, wina anadya kanyenya pamsika. Ine wa zaka zambiri pantchito sindingawasiyanitse ndi maso. Nanga wodutsa pakhomo amawasiyanitsa bwanji?

Mayi wina wachitsikana, wogulitsa tomato, anabwera kuchipatala pa kabaza mwendo wakumanja atautambasula, apongozi ake akutsatira pambuyo. Bondo linali lotentha, khungu lake litakokeka mpaka kunyezimira, ndipo ndikalikankha pang'ono madzi ankathawira mbali inayo. Adokotala analowetsa singano m'mbali mwa bondomo, sirinji inadzaza madzi achikasu ambuu, tinakhuthula, inadzazanso. Mayiyo sanalire ndi singano. Analira pamene adokotala, atamufunsa mafunso ndi kumuyeza, anamuuza kuti ayenera kumwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana ndipo amuna ake abwerenso adzalandire. Atatuluka adokotala anandigwira mkono.

"Anesi, ine mwamuna wina sindimudziwa. Nanga Mulungu akundilangiranji?"

Pakhonde, apongozi aja anali atamva kale, paja makoma a chipatala sabisa mawu. Anandiimitsa mwaulemu ndithu. "Amayi, mundithandize nzeru. Mwana wanga ali bwinobwino, akudya, akuyenda, akugwira ntchito. Wodwala ndi mtengwayu. Ndiye matendawa abwera ndi ndani m'nyumbamo?"

Sananene mwankhanza. Ankangowerengera monga momwe anaphunzitsidwira: wodwala ndiye wolakwa, wathanzi ndiye wosalakwa. Chiphunzitso chonse cha chilango chagona pa kuwerengera kumeneku, ndipo kumagwa chagada mukangodziwa khalidwe la chlamydia. Akazi ambiri amene ali nako, ndiponso amuna pafupifupi theka, samva kalikonse. Kamakhala miyezi yambirimbiri mwakachetechete, kakupatsirabe ena. Mwamuna wa mayi uja atabwera, patapita masiku, anauza adokotala m'kachipinda kuti miyezi ingapo m'mbuyomo anamva kuwotcha pokodza atabwerako ku ulendo, anagula makapisozi angapo pa okala, kuwotchako kunaleka, ndipo anaona kuti palibe chifukwa choutsira nkhani kunyumba.

Chilango chimafuna woweruza amene amayeza. Ngakhale pabwalo la mfumu, wakuba nkhuku salipitsidwa ng'ombe, ndipo salipitsa wobedwayo n'kumasula wakubayo. Tsono tiyese kuyeza matendawa ndi muyeso umenewo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 chokha, pakati pa anthu a zaka 15 mpaka 49, panali matenda atsopano a chlamydia pafupifupi 129 miliyoni ndi a chinzonono 82 miliyoni. Mwa onsewa, amene mfundo zawo zimatupa ndi owerengeka chabe pa 100 alionse. Amasankhidwa bwanji? Ku Ulaya madokotala anapeza kuti ambiri mwa odwala reactive arthritis ali ndi chizindikiro china cha m'magazi chobadwa nacho, chotchedwa HLA-B27. Munthu amachitenga kwa makolo monga amatengera msinkhu. Kuno kwathu chizindikirochi n'chosowa kwambiri, ndipo kale matendawa sankaonekaoneka. Koma m'zaka za m'ma 1990 madokotala a ku University Teaching Hospital ku Lusaka anayamba kuona odwala ambiri a mfundo zotupa, opanda chizindikirocho, ndipo ochuluka mwa iwo anali ndi HIV. Choncho amene amatupa amasankhidwa ndi magazi amene anabadwa nawo ndi mmene chitetezo chake chilili. Kukula kwa tchimo sikulowapo. Wa zibwenzi khumi amathamanga mpira Loweruka, wogwa kamodzi amayenda ndi ndodo, ndipo amene sanagwe n'komwe amakokedwa madzi m'bondo. Kunena kuti Mulungu ndiye wagamula zimenezi ndi kumunenera woweruza wolungama kuti sadziwa kuyeza, ndipo ine mawu otero sindingawanene m'nyumba yake.

Matenda a reactive arthritis kwa zaka zambiri ankatchedwa ndi dzina la munthu, ndipo mbiri ya munthuyo imandilimbitsa pa maganizo amenewa. Hans Reiter, dokotala wa ku Germany, mu 1916 pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse analemba za msilikali amene anatupa mfundo, kufiira maso ndi kuvutika pokodza. Msilikaliyo anayamba ndi kutsekula m'mimba kwa magazi. Chaka chomwecho madokotala awiri a ku France, Fiessinger ndi Leroy, analembanso za matenda omwewo, koma dzina limene linamamatira ndi la Reiter. Hitler atatenga boma mu 1933, Reiter anakhala mkulu wa ofesi ya zaumoyo ya dziko lonselo. Anali mmodzi mwa olimbikitsa kutseketsa anthu kubereka mowakakamiza, ndipo dzina lake lili pa nkhani ya kuyesa katemera pa akaidi a kundende ya Buchenwald, kumene ambiri anafa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anagwidwa, anafunsidwa mafunso, kenaka anamasulidwa. Anamwalira mu 1969 ali ndi zaka 88, ndipo ophunzira udokotala anapitiriza kuloweza dzina lake mpaka m'zaka za m'ma 2000 pamene madokotala anagwirizana zolisiya. Ngati thupi likanakhala pepala limene Mulungu amalembapo milandu ya munthu, thupi la Reiter likanalembedwa ponseponse, ndipo la msilikali uja likanakhala loyera.

Baibulo lenilenilo silili kumbali ya apongozi aja. Pa Yohane 9 ophunzira anaona munthu wobadwa wosaona, anafunsa ngati wochimwa anali iyeyo kapena makolo ake. Ndime imeneyi anamwino timaimva mosiyana ndi ena, chifukwa ife timadziwa khanda limene limachita khungu chifukwa cha makolo. Chinzonono ndi chlamydia zimalowa m'maso mwa mwana pamene akubadwa. Ndaonapo khanda la masiku atatu zikope zitatupa, ndikangotsegula pang'ono mafinya akutuluka okha. N'chifukwa chake mwana aliyense akangobadwa timamupaka mankhwala m'maso, mwambo umene unayamba ndi dokotala Carl Credé wa ku Leipzig cha m'ma 1880. Choncho funso la ophunzira lija si lopusa. Pali nthawi zimene limakhala ndi yankho. Koma Ambuye anakana mayankho onse awiri amene anawapatsa, ndipo sanakhale pansi kuti afufuze mbiri ya banjalo. Anakanda thope, anapaka m'maso, anamutuma kukasamba. Ophunzira ankafuna kudziwa woti amuloze chala. Iye anaona ntchito yoti igwiridwe pamaso pa munthuyo. Pa Luka 13 anakumbutsa za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo anakanitsitsa kuti iwo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu, n'kutembenuzira nkhani ya kulapa kwa amene ankamvetserawo, anthu athanzi, oima ndi miyendo yawo. Ndipo kumapeto kwa buku la Yobu, amene Mulungu anawakwiyira ndi Elifazi ndi anzake awiri, omwe anakhala machaputala onse aja akuumiriza munthu wa zilonda kuti avomere mlandu.

Ndikudziwa kuti pali ndime zina zimene abale amazitsegula akafuna kunditsutsa. Pa Yohane 5 Ambuye anachenjeza munthu amene anamuchiritsa pa thamanda la Betesida kuti aleke kuchimwa, chingamugwere choipa choposa. Paulo analembera Agalatiya za kufesa ndi kukolola. Ndimazilandira zonsezi. Zochita zili ndi zotsatira, ndipo namwino ndiye womaliza kukana zimenezo. Munthu akamagona ndi uyu ndi uyo wopanda kondomu, mwayi woti atenge kachilombo umakula, ameneyo ndi masamu. Koma zotsatira ndi chilango si chinthu chimodzi. Chilango chimalunjika wolakwa ndipo chimayezedwa. Zotsatira sizilunjika, zimagwera amene ali pafupi. Ndime imene imandivuta kwambiri ndi 2 Samueli 11 ndi 12, pamene Davide anatenga mkazi wa Uriya, n'kuphetsa mwamunayo, ndipo amene anadwala n'kumwalira ndi khanda. Ndakhala ndi ndime imeneyi m'maganizo mwanga mausiku ambiri ku wodi ya ana. Koma ngakhale pamenepo, palibe wowerenga wamisala amene amati khandalo linali lochimwa chifukwa ndilo linadwala. Ndipo mneneri Ezekieli, pa chaputala 18, anathetsa mwambi umene Aisiraeli ankanena woti ana amalipira za makolo, n'kunena kuti pamaso pa Mulungu aliyense amayankha zake. Pamaso pa Mulungu zili choncho. M'thupi ayi. Mulungu anatilenga olumikizana, ndipo njira yomwe mayi amadyetsera mwana m'mimba, njira yomwe mwamuna ndi mkazi amakhalira thupi limodzi, ndi yomweyonso imene kachilombo kamadzera. Sitingalandire kulumikizanako n'kukana kuti zanga zingagwere mnzanga.

Apa ndi pamene ndimaona kuti agogo athu, ndi mdulo wawo, anali pafupi ndi choonadi kuposa mlaliki wa chilango. Ine ndinakulira ku Dowa, ndipo malamulo a mdulo ndinawamva ndisanadziwe kuwerenga. Munthu amene wagonana ankati ndi wotentha, khanda ndi wodwala ankati ndi ozizira, ndipo wotentha akakhudza wozizira mosasamala amamudula. Mayi amene ali kumwezi, kapena amene wayenda njira zina, sankathira mchere mu ndiwo. Ankaitana mwana kuti athire. Bambo amene mkazi wake ali ndi pakati kapena ali ndi khanda losatengedwa ankayenera kudzisunga. Akapanda kutero, amene ankatupa miyendo ndi nkhope sanali iyeyo. Anali mwana, kapena mkazi. M'chiphunzitso cha mdulo, wodwala ndiye wolakwiridwa. Anthu akaona kutupa sankayang'ana wotupayo ndi diso loipa; ankatembenuka n'kuyang'ana athanzi a m'nyumbamo. Ndipo mankhwala sankayamba wolakwayo asanaulule.

Sindikunena kuti tibwerere ku mdulo. Mchere supatsira matenda. Ana ambiri amene ankati ali ndi tsempho ndinawaona ku wodi, ndipo chimene chinawatupitsa ndi kusowa zakudya m'thupi. Mabanja ankataya masiku akufunsana za chigololo mwana akufuna phala la mgaiwa la nsinjiro ndi mkaka. Ndinamvanso kwa amayi ambiri za azamba amene ankakakamiza mayi wovutika pobereka kuti atchule amuna amene anayenda nawo, pamene mwana wakhala mopingasa ndipo chofunika ndi galimoto yopita kuchipatala. Mdulo unapweteketsa akazi ochuluka. Koma m'kati mwa zolakwika zonsezi munali nzeru ziwiri zimene ife a m'tchalitchi tazitaya. Yoyamba, kuti kusakhulupirika kwa mmodzi kumagwera thupi la wina. Yachiwiri, kuti machiritso a m'nyumba amadikira kuulula kwa amene akudziwa chimene anachita. Chlamydia amagwira ntchito mwanjira yomweyi. Mukachiritsa mkazi yekha, mwamuna osamwa mankhwala, pakatha sabata zingapo kachilombo kabwerera, ndipo nthawi iliyonse kakabwerera kamawonjezera zipsera m'njira za mazira. Mapeto ake ndi mimba yokhala m'chubu, imene imapha, kapena kusabereka, ndipo amene adzatchedwe chumba pa mudzi ndi mkazi yemwe uja.

M'zipatala zathu zambiri mulibe makina oyezera chlamydia. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 timachiritsa poona zizindikiro: mwamuna akabwera akutulutsa mafinya, timamupatsa mankhwala a chinzonono ndi a chlamydia nthawi imodzi. Pamodzi ndi mankhwalawo timamupatsa kakalata koti akapatse amene amagona naye, kuti nayenso abwere adzalandire ngakhale sakumva kalikonse. Ndi kapepala kakang'ono, kosalemba dzina la munthu, ndipo ndatolapo tambiri m'ngalande ya kuseri kwa chipatala, tina titapindidwa kanayi, tina titang'ambidwa pakati. Kwa ine tchimo la nkhaniyi lili pamenepo. Chigololo ndi tchimo, sindikuchipeputsa, koma chimachitika nthawi zambiri munthu atagonja, ataledzera, ali kutali ndi kwawo miyezi yambiri. Kutaya kakalata kumachitika masana, mutu uli bwinobwino, munthu atauzidwa kale ndi adokotala chimene chidzachitikire mkazi wake. Amayerekeza manyazi ake a madzulo amodzi ndi mimba ya mkazi wake, ndi maso a mwana wake wosabadwa, n'kusankha manyazi akewo kuti ndiwo asungidwe. Ndipo Lamulungu amadzakhala pa benchi la kutsogolo, wathanzi, atapempha kale chikhululukiro kwa Mulungu mumtima mwake, nkhani n'kuiyesa yatha.

Ambuye sanalole kuti nkhani ithe motero. Pa Mateyu 5 anaphunzitsa kuti munthu amene wafika ndi chopereka pa guwa, n'kukumbukira kuti mbale wake ali naye chifukwa, asiye choperekacho pomwepo, ayambe wapita kwa mbaleyo. Zakeyu sanangolapa pakamwa, anatchula zoti abweze. Kulapa kwa munthu amene wapatsira mnzake matenda kuli ndi njira yake yooneka ndi maso: kukhala pansi ndi mkazi wake n'kumuuza, kupita naye kuchipatala, kumaliza mapiritsi onse, kudikira masiku 7 asanakhalenso malo amodzi, kukayezetsa limodzi HIV ndi chindoko. Ndipo ngati pali wachitatu kunja uko, nayenso ndi mwana wa munthu, ali ndi njira za mazira zofanana ndi za mkazi wa m'nyumba, kakalata kake kamufike. Mfundo yomalizayi amayi anzanga a Chigwirizano saikonda ndikainena, koma sindiibweza.

Chiphunzitso cha chilango chimakondedwa chifukwa n'chotsika mtengo. Sichifuna kanthu kwa munthu wathanzi. Ndi chomwecho chimene chimaimitsa Mgonero mtsikana amene mimba yaoneka, mnyamata wake akuimbabe kwaya. Komanso chimadwalitsa anthu. Munthu amene wakhulupirira kuti bondo lake ndi chikwapu cha Mulungu amachita manyazi kubwera kuchipatala, amabisala m'nyumba akudzipaka mafuta odalitsa, ndipo ngati lili bondo la chinzonono, amadzafika mafinya atawononga kale mfundo. Diso lofiira limene likupweteka ndi kuopa kuwala silidikira kuti munthu amalize kusala kudya, lingathe kuonongeka. Ndipo mwamuna amene wamva pa gome kuti matendawa ndi chizindikiro cha otembereredwa, mukuganiza kuti kakalata kaja akafika nako kunyumba?

Pali chovuta china chimene sindingachilumphe. Pamene wonyamula kakalata ndi mkazi, nkhani imasintha. Amayi ambiri ndiwo amayamba kufika kuchipatala, kusikelo kapena ndi ululu wa m'chinena, ndiye amene amayamba kudziwika. Akapereka kakalata kunyumba, ena amamenyedwa, ena amalongedzeredwa katundu. Mayi wotere sindimuuza za guwa ndi chopereka. Ndimamufunsa ngati ali wotetezeka, ndipo ngati sali, timafuna njira ina: mwamuna aitanidwe ndi achipatala, kapena nkhani ikambidwe pali ankhoswe. Apa ndi pamene mpingo ukanagwira ntchito yake yeniyeni. Mkulu wa mpingo wamwamuna, wa imvi, amene angakhale pa mpando ndi mwamuna mnzake n'kumuuza kuti, "Achimwene, matendawa amabisala, kusamva ululu sikutanthauza kuti mulibe, tiyeni mawa ndikuperekezeni," amapulumutsa banja kuposa ulaliki wa Sodomu wa ola lathunthu. Akulu otero alipo, ndawaona, koma ndi ochepa, ndipo palibe amene anawaphunzitsa zimene ndalemba m'mwambamu.

Mayi wa tomato uja ndinamuyankha zimene ndimakhulupirira, kuti Mulungu sakumulanga, kuti bondo lake latupa chifukwa thupi lake likulimbana ndi kachilombo kamene kanamufika iye osadziwa, ndi kuti kudwala si umboni wa mlandu. Anamwa mankhwala, mwamuna wake anamwanso. Bondo linatenga miyezi, chidendene chinachedwa kuposa bondo, koma anabwerera pa benchi lake pamsika. Kwa mwamunayo kunatsala chinthu chimodzi. Tsiku limene anabwera kudzatenga bulufeni wa mkazi wake ndinamuitanira pambali.

"Bambo, mankhwala mwamwa, mwachita bwino. Koma amayi anu akuganizabe kuti matendawa anabwera ndi akazi anu. Amene angawauze zoona ndinu nokha. Ine lamulo la ntchito silindilola."

Anayang'ana pansi nthawi yaitali, akupindapinda kabuku ka kuchipatala. "Ndamva, amayi. Ndiona."

Pamene ndinkasamutsidwa pa chipatala chija n'kuti asanawauze. Mkaziyo ankaphikabe pa mafuwa amodzi ndi apongozi ake, ndipo apongoziwo ankauzabe azimayi pachitsime kuti mwana wawo ndi munthu wopirira kwambiri, chifukwa mwamuna wina akanamubweza kwawo mkazi wotere.